Moto wa Changu Unapsereza Bizinesi ya Alamu Anga

Aliyense amene anakulira kumudzi amalikumbukira fungo la m'khitchini ya amayi ake. Kwathu ku Ntcheu, pamwamba pa mafuwa pankakhala nsanja, ndipo pansanjapo pankagona chimanga cha mbewu, mawere, zikwatu za mfutso ndi tsabola wotungidwa pa luzi. Utsi unkakwera m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku, popanda woukakamiza. Pofika Okutobala, dzuwa likuswa mtengo ndipo masamba atasowa, amayi ankatsitsa chikwatu chimodzi, kumasula masamba a msuku amene anakulungira, n'kutiphikira khwanya wotendera. Ndiwo zothyola mu Malichi tinkazidya mu Okutobala, ndipo sindikumbukira tsiku limene wina anagwira m'mimba chifukwa cha mfutso.

Nkhani imene ndikufuna ndikusimbireni ndi ya alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu, amene anatenga luso lomweli n'kulisandutsa bizinesi mumzinda wa Blantyre. Dzina lawo sinditchula, koma anandilola kulemba zonse, chifukwa masiku ano amayi ndi achinyamata ambiri akuthamangira bizinesi ya zokometsera ndiwo: tsabola wopera, mchere wosakaniza, adyo, jinja, tomato wouma. Ndi bizinesi yabwino, yosalira mpamba waukulu, ndipo imapulumutsa zokolola zimene zikanaolera m'mbali mwa msewu. Koma ili ndi mbuna zake, ndipo ife tinagweramo. Ndikuti ife chifukwa dzanja langa nalonso linalipo pa zimene zinachitikazo.

Achimwene ntchito itawathera, banja lonse linatsamira pa alamu. Tsiku lina pochokera kumudzi anaima pa Lizulu n'kuona mulu wa tomato wophwanyika atatayidwa kuseri kwa mabenchi, chikhalirecho m'dzinja anthu a m'tauni ankalimbirana tomato atatu pa mtengo woboola m'thumba. Pafoni anali ataonapo kanema wa anthu akunja akuwamba tsabola pa utsi n'kumupera. Zimenezo zimachitikadi. Ku Spain, m'dera la La Vera, alimi amayanika tsabola wofiira m'nyumba zosanja: pansi pamafuka nkhuni za mtengo wa oak, tsabola ali pamwamba patali ndi moto, ndipo amamutembenuza ndi manja tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 15 asanamupere. Ku Mexico, kuyambira kale Azungu asanafikeko, anthu ankawamba tsabola wa jalapeño wakupsa chifukwa mnofu wake ndi wochindikala, akangoyanikidwa padzuwa amaola asanaume. Wowambayo ndiye amatchedwa chipotle, ndipo nayenso amagonera pa utsi masiku angapo. Koma kanema wa pafoni amatha mphindi zitatu zokha. Umaona tsabola akulowa, kenako ufa wofiira uli m'botolo. Masiku a pakatiwo saoneka, pamene luso lonse lagona m'masiku amenewo.

Poyamba zonse zinayenda mwadongosolo, chifukwa amayi athu anali atabwera kudzakhala nafe ndipo ankalangiza. Achimwene anadula mgolo umene munkabwera mafuta ophikira, anautsuka, anaikamo masefa a waya atatu, n'kukumba kadzenje ka moto chapatali, kolumikizana ndi mgolowo kudzera m'kangalande kovindikira ndi njerwa. Utsi unkafika m'mgolo utazizirako, wopanda malawi. Nkhuni zinali za mango ndi gwafa, zouma bwino, zosenda makungwa. Kambuzi, tomato woduladula, anyezi ndi adyo zinkakhala pa utsi maola angapo kuti zitenge fungo, kenako n'kupita pathandala padzuwa masiku angapo, zitafunditsidwa kansalu kopyapyala kuopa ntchentche ndi fumbi. Woweruza anali amayi. Ankatenga tsabola mmodzi, kumugwedeza pafupi ndi khutu kuti amve njere zikulira m'kati, kenako n'kumuthyola. Akati thyo, alowe mumtondo. Akapindika ngati chikopa, abwerere padzuwa, ngakhale wogula ali pakhomo.

Katunduyo anayenda malonda. Mchere wa kambuzi wa utsi anyamata a pachiwaya anaukonda. Ufa wa tomato ndi anyezi amayi a m'maofesi ankaitanitsa pa WhatsApp. Mayi wina wa kutchalitchi anati akathira kasipuni kamodzi m'nyemba, ana ake ankafunsa kuti nyama ili kuti. Pamene nsomba ndi nyama zakwera mtengo, fungo la utsi m'ndiwo za masamba si chinthu chochepa pakhomo.

Koma m'masamu munali kachilombo. Mu tomato wamuwisi, magawo 94 kapena 95 pa 100 alionse ndi madzi. Ukayanika makilogalamu 10 mpaka kuumiratu, chotsala sichikwana ndi kilogalamu imodzi yomwe. Anyezi naye ndi madzi pafupifupi magawo 90 pa 100. Alamu poika mtengo ankawerengera dengu la tomato ndi timapepala tolongedzera, osawerengera nkhuni, minibasi, zowonongeka, ndi masiku awo onse okhala pathandala. Katundu ankatha, koma ndalama yosaoneka. M'malo mokonza mtengo, tinaganiza kuti mankhwala ake ndi kuchulukitsa katundu. Anatenga ngongole ku banki mkhonde, yobweza pang'onopang'ono pa masiku oikika. Kuyambira pamenepo pakhomo panalowa mabwana awiri osagwirizana: ngongole ili ndi masiku ake, dzuwa nalo lili ndi ake.

Mu Julaye kunabwera oda yaikulu kuposa zonse. Mayi wina wophika m'maukwati ankafuna zokometsera za phwando la Loweruka, ndipo mwini golosale wina ankafuna mapaketi odzadza shelefu. Onse anapereka masiku asanu. Alamu anavomera asanayang'ane kumwamba. Tsiku lotsatira chiperoni chinagwa, kamvula kowaza kaja kobwera ndi mphepo yochokera cha ku Mozambique, ndipo nkhungu inaphimba Soche ndi Ndirande masiku anayi osatseguka. Thandala linasanduka chinthu chopanda ntchito. Pamenepo m'pamene tinayamba kudula njira, ndipo tinadula zitatu.

Njira yoyamba ndinadula ndine. Nkhuni za mango zinali zitatha, zotsala zitanyowa. Ndinapita pamalo pena pamene ankagwetsa nyumba yakale, n'kutola zidutswa za chitseko chopaka penti, mafelemu a mawindo, ndi zidutswa za mapolo obiriwira aja omangira mpanda. Kwa kalipentala wina ndinapempha thumba la utuchi wa paini wosakanikirana ndi wa matabwa omata ndi guluu. Ndinafika nazo pakhomo mtima uli m'malo kuti ndapulumutsa ndalama. Popeza zinali zachinyontho, tinakolezera ndi majumbo ndi parafini pang'ono, monga ambiri amachitira pambaula.

Lero ndikudziwa chimene ndinasenza pamutu tsiku limenelo. Mapolo obiriwirawo amawanyika m'mankhwala oletsa chiswe, ndipo ambiri mwa mankhwalawo muli arsenic, poizoni amene amatuluka ndi utsi komanso kutsalira m'phulusa. Penti wakale kawirikawiri amakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana. Paini ali ndi utomoni wambiri, utsi wake ndi wakuda, wodzaza mwaye. Ndipo ngakhale nkhuni zikhale zabwino, moto ukakula, malawi n'kumanyambita chakudya, utsi umasiya mankhwala amene akatswiri amawatchula kuti PAH. Amodzi mwa iwo, benzopyrene, bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linawaika m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Munthu sadwala mawa lake. Chiopsezo chimakula ndi kudya kwa zaka. N'chifukwa chake mu 2009 bungwe la Codex Alimentarius, loona za miyezo ya chakudya padziko lonse, linatulutsa malangizo a kawambidwe ka zakudya, oletsa nkhuni zopaka penti kapena zothira mankhwala, ndi olimbikitsa kuti moto utalikirane ndi chakudya. Amayi athu mawu akuti PAH sawadziwa, koma chibadwire sanaikepo nkhuni ya nkhadze pamoto wophikira. Iwo amadziwa kuti chimene chili mumtengo chimatsata utsi mpaka mumphika.

Njira yachiwiri tinadula pamoto. Kangalande kaja tinakasiya, tinati kakuchedwetsa. Tinakweza mgolo pa njerwa, moto n'kuusonkha pansi penipeni, ndipo pothawa kamvula tinalowetsa zonse m'khitchini n'kutseka chitseko. Usiku wachiwiri alamu anayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru. Achimwene atatsegula chitseko ndi kuwatulutsira panja m'pamene anapezako bwino. Tinati ndi kutopa. Sikunali kutopa ayi, unali mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nthawi yozizira. Chenjezo linali limenelo, koma makutu athu anali pa oda.

Moto waukulu uli ndi chinyengo chake. Umaumitsa khungu msanga, khungulo n'kutseka njira yotulukira madzi a m'kati. Kunja kumaoneka kouma, kwakuda, konyezimira, m'kati muli monyowa. M'mawa wa tsiku lachinayi amayi anabwera ndi ndodo yawo, anatenga tsabola mmodzi n'kumugwedeza pakhutu. Zii. Anamupinda, anapindika osathyoka. Anang'amba chidutswa cha tomato, chala chinanyowa.

“Apongozi, izi sizinaume ayi. Zapsa kunja kokha.”

“Amayi, eni ake akubwera mawa. Ziumira m'mapepala momwemo. Nanga si utsi walowa? Utsi umasunga.”

“Chosunga ndi kuuma, mwana wanga. Utsi umangothandizira. Kodi nsomba yowamba ikakhala yosauma sigwa mphutsi? Ndipo fungo ili si la nkhuni. Mwasonkhera chiyani?”

Ine ndi amene ndinayankha. Ndinati, “Amayi, za bizinesi n'zina, si za kumudzi izi. Asiyeni alamu agwire ntchito.” Amayi sanabwezenso mawu. Anatenga ndodo yawo n'kukakhala pakhonde. Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero.

Mumtondo zinthuzo zinakana kusanduka ufa, zinkangomatana ngati phala louma. Tinathira mchere wambiri kuti zibalalike, tinalongedza zikadali zofunda, n'kumata mapepala ndi kandulo. Kunatsala adyo. Anali wofewa, wofiirira, wonunkhira bwino, koma wosatheka kusinja. Apa tinadula njira yachitatu. Alamu anakumbukira kanema wina wa adyo wa m'mafuta. Tinatsuka mabotolo a jamu 24, tinadzazamo adyoyo, kuthira mafuta ophikira mpaka pakamwa, n'kutseka zolimba. Anali okongola zedi. Pabotolo tinangomata kapepala ka dzina la bizinesi ndi nambala ya foni. Tsiku lopangira panalibe, malangizo a kasungidwe panalibe, ndipo sitinalembe paliponse kuti wagula ndani.

Ukwati unachitika Loweruka. Lolemba m'mawa foni inalira. Mayi wophika uja ankalankhula mawu akunjenjemera: ndiwo zinkawawa, zinkamveka fungo la penti ndi parafini, anthu anasiya nyama m'mbale, ena anachita nseru, ndipo a kuchimuna anakana kumupatsa ndalama yotsala. Patapita sabata ndi masiku, mwini golosale anabwera yekha ndi katoni. M'kati mwa mapepala munali timadontho ta madzi, ndipo pa ufa wa tomato ndi tsabola panamera ubweya, pena woyera, pena wobiriwira mwachikasu. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mapaketi athu anali mkuyu weniweni.

Mtima wa munthu wa ngongole sufulumira kutaya. Alamu anati achotse pamene pachita chukupo, zotsalazo aziyanikenso, azikazinge n'kuzipera. Dzuwa linali litabwerera, ndipo anayamba kale kuyala pamphasa pamene anatulukira mnansi wathu wina, bambo wogwira ntchito za umoyo. Anayang'ana pamphasapo n'kupukusa mutu.

“Mayi, chuku chimene mukuchionachi ndi maluwa chabe. Mizu yake yalowerera paliponse, ndipo poizoni wake saphedwa ndi dzuwa kapena chiwaya. Izi musapatse munthu, musapatsenso nkhuku.”

Ankanena za aflatoxin, poizoni wa chuku chomwe chija alimi a mtedza ndi chimanga amachenjezedwa. Tsabola wosauma bwino nayenso chimamukonda. Kuphika kwa masiku onse sikuthetsa poizoniyu. Akamalowa m'thupi pang'onopang'ono amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo akalowa wambiri nthawi imodzi amapha. Ku Kenya mu 2004, chimanga chosungidwa chisanaume chinadwalitsa anthu 317, ndipo 125 mwa iwo anamwalira. Anthu amenewo sanadye chinthu chachilendo, anadya chakudya chawo cha masiku onse.

Bamboyo akutsanzika, maso ake anagwera pa botolo limodzi la adyo limene linatsala pawindo la khitchini. Chivindikiro chinali chitatukuka, ndipo timathovu tinkakwera m'mafuta. Nkhope yake inasintha.

“Mabotolo otere mwagulitsa angati? Ali kwa ndani?”

Sitinathe kuyankha funso lachiwirilo. Anatikhazika pansi n'kutifotokozera. M'nthaka mumakhala mbewu za bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, ndipo adyo amakulira m'nthaka momwemo. Mbewu zimenezi sizifa ndi utsi, ngakhale madzi owira sazitha. Pamene pali mpweya zimangogona. Zimadzuka zikapeza malo onyowa, opanda mpweya, osawawasa, komanso ofunda, ndipo zikadzuka zimatulutsa poizoni woopsa kuposa ambiri odziwika padziko. Adyo wofewa womizidwa m'mafuta, m'botolo lotseka, pashelefu ya golosale, ndiye nyumba imene zimaifuna. Chakudyacho chikhoza kukhala ndi poizoni koma osanunkha, osasintha kakomedwe, chivindikiro osatukuka n'komwe. Kawirikawiri pakapita maola 12 mpaka 36 munthu amayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope kulemera, lilime kulemera, kulephera kumeza, kenako kufooka kumatsika ndi thupi mpaka kupuma kukanika. Matendawa amatchedwa botulism. Mu 1985, mumzinda wa Vancouver ku Canada, anthu 36 anadwala atadya adyo woduladula wa m'mafuta amene ankasungidwa kunja kwa firiji pamalo ena odyera. Mu 1989 zinachitikanso kwa anthu atatu m'chigawo cha New York, ndipo kuchokera pamenepo boma la America linalamula kuti adyo wa m'mafuta wogulitsa azithiridwa asidi woletsa bakiteriyayu.

Usiku umenewo palibe anagona. Alamu anali ndi njira ziwiri: kukhala chete n'kumapemphera kuti pasachitike kanthu, kapena kudziyalutsa okha kuti apulumutse anthu. Ndimawalemekeza chifukwa anasankha yachiwiri. Analemba uthenga pa WhatsApp m'magulu onse, wopempha aliyense amene anagula adyo wa m'botolo kuti asadye, asalawe n'komwe, abweze adzalandire ndalama yake, ndipo amene wadyako akaona zizindikiro zija athamangire kuchipatala. Tinamata chikalata pakhomo la golosale. Lamlungu anaimirira okha m'tchalitchi n'kulengeza, misozi ili m'maso. Chifukwa chosowa kaundula wa ogula, tinayenda khomo ndi khomo, kufunsa ana, kufunsa alonda, kufunsa ogulitsa makala. Pofika tsiku lachitatu mabotolo 23 anali atapezeka. Limodzi linasowa.

Tinamva kuti analigula mayi wina n'kukasiyira amayi ake okalamba kumudzi ku Thyolo, kumene amalera zidzukulu zinayi. Foni ya kumudziko inali yothima. Ine ndi achimwene tinakwera minibasi ya m'bandakucha, kenako kabaza, kudutsa m'minda ya tiyi, aliyense ali duu. Sindinayendepo ulendo wautali ngati umenewo. Tinawapeza agogowo akusesa pabwalo, ana akusewera. Botolo linali pawindo, padzuwa, losatsegula.

“Ndimasungira alendo, ana anga,” anatero. “Ndimati Lamlungu likubwerali tidzapake pa buledi.”

Achimwene anakhala pansi pa dothi pomwepo, miyendo itawathera mphamvu. Mulungu anatichitira chifundo, palibe anadwala matenda aja. Koma kupulumuka kwathu sikunachokere m'nzeru zathu, kunachokera m'mtima wa agogo wosungira alendo.

Katundu yense, mabotolo osatsegula pamodzi ndi phulusa la nkhuni zija, tinamukwirira m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime ndi ziweto. Mgolo uja tinautaya. Ndalama zinabwezedwa kwa ogula onse. Ngongole ya banki mkhonde sinadikire, ndipo makina osokera a alamu anagulitsidwa. Koma chowawa kuposa zonse linali dzina. Ndalama imabwerera, mbiri ikada imachedwa kuyera. Kwa miyezi yambiri anthu ankaloza nyumba yathu kuti ndi ya tsabola wa chuku, ndipo ngakhale zitumbuwa za alamu ana a sukulu analetsedwa kugula.

Patatha chaka anayambiranso, pang'onopang'ono, ndipo kagwiridwe kawo ka lero ndiko phunziro lenileni. Kadzenje ka moto kanabwerera kutali ndi mgolo watsopano, panja pa mpweya. Nkhuni amaunjika pansi pa denga miyezi isanafike ntchito, za mitengo ya zipatso yodziwika yokha, ndipo chidutswa chilichonse chosadziwika kumene chachokera sichiyandikira moto. Jumbo ndi parafini n'zoletsedwa. Anagula choyezera kutentha, ndipo poumitsa amasunga kutentha cha m'ma 60 digiri. Utsi amaufuna woyera, wopyapyala, wa maola ochepa. Kuumitsa kwenikweni kumachitikira m'kanyumba ka pulasitiki koyanikira ndi dzuwa, kofanana ndi timene asodzi ena a ku Mangochi amaumitsiramo usipa. Ali ndi sikelo: amayeza katundu tsiku lililonse, ndipo kulemera kukasiya kutsika m'pamene amati wauma. Akatero amamusiya azizire, n'kumuika m'botolo lagalasi lotseka kwa sabata, akumaligwedeza tsiku ndi tsiku. Kadontho kakaoneka pagalasi, zonse zimabwerera kokayanika. Ndipo chigamulo chomaliza chikadali cha amayi: thyo.

Adyo wa m'mafuta anasiyiratu kugulitsa. Wopanga pakhomo amayenera kukhala m'firiji ndi kutha m'masiku anayi, ndipo ndi kuthimathima kwa magetsi kwathu kuno, palibe angalonjeze kuti firiji ya wogula ikhala yozizira. Kuti chakudya cha m'botolo chitetezeke kwa bakiteriya uja, chiyenera kukhala chowawasa mokwanira, muyezo wake wa pH utsike pansi pa 4.6, ndipo zimenezo zimafuna chida choyezera, osati kulawa ndi lilime kapena kuthira viniga mongoyerekeza. Paketi iliyonse tsopano ili ndi zosakaniza zake, kulemera kwake, tsiku lopangira ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo m'kope lawo mwalembedwa kuti katundu wa tsiku lakuti anapita kwa ndani. Anapita kukhonsolo kukafunsa za chiphaso ndi za kuyezetsa m'thupi kwa ogwira zakudya, ndiponso ku Malawi Bureau of Standards, bungwe limene lakhalapo kuyambira 1972, kukafunsa zoyenera kuti katundu wawo ayezedwe. Kale tinkaona ngati maofesi amenewa ndi a makampani akuluakulu okha. Safunsa adadya phula.

Mtengo nawo anaukonza. Amawerengera kuchokera pa kulemera kwa katundu wouma, kuphatikiza nkhuni, mayendedwe ndi thukuta lawo. Ogula ena anathawa, koma otsalawo amabweranso. Ndipo anaphunzira mawu amene anawasowa mu Julaye uja. Wina akabwera ndi oda ya masiku asanu nyengo ya chiperoni, amamuyankha mwaulemu: “Pepani mayi, sizingatheke. Ndikupatsani zimene zauma kale, zinazo mudikire.”

Ndikaganizira zonsezi, ndimaona kuti cholakwa chathu sichinali umbuli wokha, pakuti wodziwa anali pakhonde pomwepo ndi ndodo yake. Cholakwa chinali kuiwala kuti kuphikira banja lako ndi kugulitsira anthu osawadziwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pakhomo pako, ndiwo zikasasa umanunkhiza n'kutaya. Wogula alibe mwayi umenewo. Sanaone nkhuni zako, sanaone thandala lako, sanakhudze tomato wako asanaperedwe. Komanso utsi ndi tsabola zimaphimba fungo la chinthu choyamba kuwonongeka, motero mphuno yake singamuthandize. Iye amangotenga kasipuni n'kuthira mumphika wa ana ake chifukwa wakukhulupirira.

Inu amene mukugula zokometsera za m'makomo, pitirizani kugula, pakuti mukutukula abale athu. Koma yang'anani tsiku papaketi, kanani ufa womatana kapena wa timadontho m'pepala, ndipo botolo la adyo kapena masamba a m'mafuta lokhala pashelefu popanda chizindikiro choti linayezedwa, lisiyeni pomwepo.

Ndipo inu amayi, abambo ndi achinyamata amene mwayamba kapena mukulingalira bizinesi imeneyi, musabwerere m'mbuyo chifukwa cha nkhani yathu. Tomato wa ku Ntcheu ndi Dedza akufunika manja anu kuti asaolere pamsewu. Koma dziwani nkhuni zanu, talikitsani moto, umitsani mpaka chithyoke, lembani zonse m'kope, ndipo funsani odziwa, a ku ofesi ndi a pakhonde omwe. Oda ikaposa dzuwa limene muli nalo, ikaneni. Kuthamanga sikufika. Musanamate paketi iliyonse, kumbukirani agogo a ku Thyolo ndi zidzukulu zawo zinayi, ndipo musagulitse chimene simungathire mumphika wa mwana wanu.